Belo ndi Mafuta ku Canada: Ndani Alipire Tsoka Lomwe Silinagwe?

Pa 21 Juni 2019, chisankho chili pakhomo, mulu wa mabilu a Nyumba ya Malamulo ya ku Ottawa unavomerezedwa tsiku limodzi kukhala malamulo a dziko la Canada. Atatu mwa mabiluwo akuutsabe mapiri pachigwa mpaka lero. Bilu ya C-48 inaletsa sitima zikuluzikulu zonyamula mafuta osayenga kukocheza m'madoko a kumpoto kwa chigawo cha British Columbia. Ya C-69 inakhwimitsa kauniuni wa ntchito zazikulu, monga mapaipi a mafuta ndi gasi, boma lisanazivomereze. Ya C-75 inalamula apolisi ndi oweruza kuti munthu womangidwa azimutulutsa pa belo mwamsanga, osamuunjikira ziletso zopanda pake.

Boma linali limodzi, la Justin Trudeau, koma linayankhula pawiri. Eni mafuta anauzidwa kuti adikire, ayambe akhutiritsa boma kuti sadzawononga. Munthu wogwidwa ndi apolisi anauzidwa kuti azipita kwawo, pokhapokha boma litakhutiritsa khoti kuti ndi woopsa. A chipani cha Conservative anatembenuza zonse ziwiri. Jason Kenney, amene anali atangotenga utsogoleri wa chigawo cha Alberta, anaitcha C-69 lamulo lothetsa mapaipi, ndipo patapita zaka zochepa Pierre Poilievre anayamba kuyendayenda m'misonkhano ndi mfuwu wakuti zigawenga zizipita kundende, osati pa belo. Mbali iliyonse ili ndi amene imawakayikira ndi amene imawakhulupirira. Zimangosiyana poloza chala.

Kuseri kwa phokoso la ndaleli kuli funso lakale kuposa Canada yemwe. Woweruza pempho la belo safunsidwa ngati munthuyo analakwadi. Zimenezo ndi za tsiku la mlandu. Amafunsidwa zimene munthuyo adzachite mawa. Nduna yopereka chilolezo cha paipi nayonso siweruza mafuta amene atayika kale, koma amene mwina adzatayika zaka 20 zikubwerazi, mwinanso ayi. Onse awiri akuweruza zosaoneka, ndipo tsoka silinunkha. Popeza palibe angadziwe, wina ayenera kulipira kusadziwako: womangidwayo ndi masiku ake kapena anthu a mumsewu ndi chitetezo chawo, mwini kampani ndi chuma chake kapena msodzi ndi nyanja yake. Kodi n'chilungamo kulipiritsa munthu lero pa choipa chimene sichinachitike? Nanga ngati n'zololeka pa sitima ya mafuta, zikanikiranji pa munthu?

Anthu a kugombe la kumpoto saopa za m'maloto. Mu Malichi 1989 sitima ya Exxon Valdez inagunda matanthwe ku Prince William Sound, kwa anansi awo a ku Alaska, n'kukhuthula malita pafupifupi 40 miliyoni a mafuta osayenga. Mafutawo anapaka gombe lotalika makilomita pafupifupi 2,000, ndipo ena ankapezekabe pansi pa miyala patapita zaka zoposa 20.

Tsoka lina linawagwera pakhomo penipeni. Usiku wa pa 13 Okutobala 2016, boti lotchedwa Nathan E. Stewart, limene linkakankha chombo chonyamulira mafuta, linatsakamira pamatanthwe pafupi ndi Bella Bella, kwawo kwa mtundu wa Heiltsuk. Ofufuza anapeza kuti amene anali pa chiwongolero anali yekha, ndipo tulo tinamugwira. Mwamwayi chombo chinkakankhidwacho chinali chopanda katundu, koma botilo linamira n'kutaya malita pafupifupi 110,000 a dizilo. Malo a ku Gale Creek, kumene mabanja ankatola nkhono za m'nyanja zodya ndi zogulitsa, anatsekedwa. Munthu mmodzi kuodzera, mudzi wonse n'kutaya ndiwo ndi ndalama zomwe.

M'zaka zomwezo kampani ya Enbridge inkafuna kuyala paipi ya Northern Gateway, yotalika makilomita 1,177, kuchokera ku Alberta kukafika ku Kitimat, kuti sitima zoposa 200 pachaka zizidzatenga mafuta kudzera m'mipata yopapatiza ya gombelo. Boma la Stephen Harper linaivomereza mu 2014 ndi mfundo 209 zoti kampaniyo itsatire. Khoti la apilo linafafaniza chilolezocho mu 2016 poona kuti eni nthaka, mitundu imene azungu anaipeza kumeneko, sanafunsidwe mokwanira, ndipo Trudeau anaikaniratu mu Novembala chaka chomwecho. C-48 inabwera kudzatseka nkhaniyo: sitima yonyamula matani oposa 12,500 a mafuta osayenga, kapena ena osatha msanga m'madzi, siloledwa kuima, kupakira kapena kutsitsa katundu kuyambira kunsonga ya kumpoto kwa chilumba cha Vancouver mpaka kumalire ndi Alaska.

Palibe sitima ya Northern Gateway imene inali itataya ngakhale dontho m'madzi amenewo, popeza paipiyo sinamangidwe n'komwe. Lamuloli silinalange wolakwa, linaletsa poopa. Amene anayala bwino ganizo limeneli ndi Hans Jonas, Myuda wobadwira ku Germany amene anaphunzitsako ku Ottawa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. M'buku lake la mu 1979 anati manja a munthu tsopano amafika kutali kuposa kumene maso ake angaone, kotero ngati chimene chingawonongeke sichingabwezedwe, ulosi woipa uzimvedwa kuposa wabwino. Mu 1992 mayiko atasonkhana ku Rio de Janeiro anagwirizana mfundo yofanana nayo, yakuti kusowa umboni wathunthu wa sayansi kusakhale chifukwa chozengerezera kuteteza chilengedwe ku ngozi yaikulu.

Ngakhale zinali choncho, aphungu sanapupulume nayo biluyi. Marc Garneau, nduna ya zamtengatenga, anaibweretsa mu Meyi 2017, ndipo inatha zaka ziwiri ikukambidwa. Komiti ya nyumba ya Senate inayenda mpaka ku Prince Rupert ndi ku Alberta kukamva maganizo a anthu, inagawanika 6 kwa 6, n'kulangiza kuti biluyo ife. Nyumba yonse inakana malangizowo, ndipo biluyo inapulumukira mkamwa mwa mbuzi ndi mavoti 49 kwa 46.

Patapita zaka zinayi, nambala yomweyo ya C-48 inagwera bilu ina, ya belo, ndipo mayendedwe ake anali ena.

Pa 27 Disembala 2022, wapolisi wa zaka 28, Grzegorz Pierzchala, anaitanidwa kukaona galimoto imene inagwera m'ngalande pafupi ndi Hagersville, m'chigawo cha Ontario. Tsiku lomwelo anali atangouzidwa kuti wakhoza nthawi yake yoyesedwa pantchito. Atafika pamalopo anawomberedwa n'kufa. Mwamuna amene anamuwombera anali pa belo pa milandu ya mfuti ndi kumenya anthu. Poyamba anakanizidwa belo, kenako khoti lalikulu linamutulutsa, ndipo atajomba kukhoti panatuluka chikalata chomumangira chimene chinakhala miyezi ingapo munthuyo akuyenda. Mu Januwale 2023 atsogoleri onse 13 a zigawo ndi madera a Canada, a zipani zosiyanasiyana, analembera Trudeau kalata imodzi yofuna kuti malamulo a belo akhwime.

David Lametti, nduna ya zachilungamo, anabweretsa biluyo mu Meyi. Pa 18 Seputembala, tsiku loyamba aphungu atabwerako kutchuthi, zipani zonse zinagwirizana kuidutsitsa tsiku lomwelo, osaitumiza kukomiti, osaitana mboni ngakhale imodzi. A Senate okha ndiwo anaitana mboni n'kuwonjezera ndime yakuti woweruza azinena momwe waganizira za eni nthaka ndi anthu ena ovutika. Biluyo inakhala lamulo pa 5 Disembala n'kuyamba kugwira ntchito pa 4 Januwale 2024. Phata lake ndi ili: munthu woganiziridwa mlandu waukulu wachiwawa wogwiritsa ntchito chida, amenenso anapezeka wolakwa pa mlandu wonga womwewo m'zaka zisanu zapitazo, ndiye ayenera kukhutiritsa khoti kuti ndi woyenera kutuluka. Akalephera, amakhala m'kati. Aphungu amene anatha miyezi akusinkhasinkha za mayendedwe a sitima anamaliza za ufulu wa anthu dzuwa lisanalowe.

Canada inali itachokera kutali pa nkhani ya belo. Mu 1965 katswiri wa malamulo wa ku Toronto, Martin Friedland, anasindikiza kafukufuku wa milandu pafupifupi 6,000 ya m'makhoti a mzindawo. Anapeza kuti ambiri ankagona m'chitokosi chifukwa chosowa ndalama ya chikole basi, ndiponso kuti wosungidwa m'ndende mlandu usanazengedwe ankapezeka wolakwa kawirikawiri kuposa mnzake wochokera kunyumba. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wotsekeredwa sangasakesake mboni zake, loya amaonana naye movutikira, ndipo akauzidwa kuti akavomera mlandu atuluka sabata yomweyo, amavomera. Lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 1972 linaika pa boma udindo wopereka zifukwa zosungira munthu, ndipo mu 1982 ufulu wosakanizidwa belo popanda chifukwa chomveka unalowa m'malamulo oyendetsera dziko. Mu 2017, pa mlandu wa Antic, khoti la Supreme linakumbutsa oweruza kuti aziyamba ndi kumasula popanda ziletso, ndipo asawonjezere chiletso chilichonse boma lisanaonetse kufunika kwake.

Mlandu wa Zora unaonetsa momwe ziletsozo zimakolera anthu. Munthuyu, wa ku British Columbia, anali pa belo pa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo, ndipo analamulidwa kuti asachoke pakhomo komanso kuti apolisi akagogoda azitsegula pasanathe mphindi zisanu. Apolisi ankabwera pafupifupi tsiku lililonse. Kawiri, usiku, sanatsegule. Iye anati anali m'chipinda chakutali ndi khomo ndipo sanamve kugogoda. Zimenezo zinasanduka milandu yatsopano, ndipo anapezeka wolakwa, mpaka mu 2020 khoti la Supreme linafafaniza chigamulocho n'kudzudzula ziletso zimene zimaikidwa munthu akudziwikiratu kuti sangazikwanitse.

Ndi malamulo onsewa, ndende za m'zigawo n'zodzaza ndi anthu osaweruzidwa. Mwa akaidi 100 alionse mmenemo, oposa 70 ali pa rimandi. Eni nthaka, amene ndi anthu 5 okha mwa 100 m'dzikolo, ndiwo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a akaidi. Ndipo rimandi si chipinda chodikiriramo chabe. Soleiman Faqiri, wa zaka 30, wodwala matenda a maganizo, anamangidwa mu Disembala 2016 pomuganizira kuti anabaya mnansi wake, n'kusungidwa kundende ya ku Lindsay. Patatha masiku 11 anafera m'chipinda chake, atamangidwa maunyolo, atathiridwa utsi wa tsabola, atagonekedwa chafufumimba ndi oyang'anira ndende. Bwalo lofufuza za imfa linagamula kuti anachita kuphedwa. Chigamulocho chinatuluka mu Disembala 2023, patangopita sabata imodzi bilu yokhwimitsa belo itakhala lamulo.

Palinso Umar Zameer. Mu Julayi 2021 wapolisi Jeffrey Northrup anafa atagundidwa ndi galimoto pamalo oimikapo magalimoto pansi pa holo ya mzinda wa Toronto. Zameer, wowerengera ndalama, anali m'galimotomo ndi mkazi wake woyembekezera ndi mwana wamng'ono. Apolisiwo sanavale yunifolomu, ndipo iye ankayesa kuti ndi achifwamba. Anaimbidwa mlandu wakupha mwadala. Jaji atamutulutsa pa belo, Doug Ford, mtsogoleri wa Ontario, anadzudzula poyera. Mu Epulo 2024 khoti linamupeza wosalakwa, ndipo jaji Anne Molloy anamupepesa pamaso pa anthu. Mkwiyo wa anthu ukanatsatidwa, bamboyu akanatha zaka pafupifupi zitatu m'ndende, mwana wake wobadwayo osamuona akukwawa.

Apa ndi pamene sikelo imapendamira. Womasulidwa akapha munthu, kulakwitsa kwa woweruza kumakhala ndi dzina, chithunzi ndi maliro a anthu miyandamiyanda. Wosungidwa amene akanakhala mwamtendere kunyumba kwake sadziwika, chifukwa palibe angaonetse zimene sizinachitike. Woweruza amadzudzulidwa pomasula, osati potsekera, ndipo phungu amadziwa bwino kumene mavoti ali.

Chilamulo cha Mose chinakumana ndi mafunso onse awiri, ndipo sichinawayankhe mofanana. Pa zinthu, chimalamula kusamala tsoka lisanagwe. Deuteronomo 22 imauza womanga nyumba yatsopano kuti atchinge m'mphepete mwa denga, pakuti madenga a kumeneko anali afulati ndipo anthu ankachezerapo. Sadikira kuti wina ayambe wagwa. Eksodo 21 ndi 22 amaika mlandu pa wokumba dzenje n'kulisiya losavundikira, ndi pa woyatsa moto umene walowa m'munda wa mnzake. Ng'ombe ikagunda munthu koyamba, mwini wake alibe mlandu. Koma ngati inazolowera kugunda, mwiniyo n'kuchenjezedwa koma osaitsekera, mlandu ndi wake.

Pa munthu, chilamulo chomwecho chimaumitsa khosi. Mboni imodzi sikwana, pafunika ziwiri kapena zitatu. Kusunga munthu podikira chigamulo kulipo, pa Levitiko 24 ndi Numeri 15, koma anthu awiriwo anagwidwa pamaso pa gulu, ndipo chodikiridwa chinali chilango choyenera, osati kuopa zimene angadzachite. Pa Genesis 18 Abrahamu akuchonderera Mulungu za Sodomu, kutsitsa chiwerengero kuchoka pa 50 mpaka 10, pokana kuti wolungama asesedwe limodzi ndi woipa.

Ndime imodzi yokha ndiyo imaoneka ngati ikuloleza kulanga za mawa. Ndi ya pa Deuteronomo 21, ya mwana wamwamuna wopanduka, wosusuka ndi woledzera, amene makolo ake amapita naye kwa akulu a mzinda kuti aponyedwe miyala. Arabi akale anavomereza kuti mwanayo akuweruzidwa chifukwa cha kumene akupita, osati kumene wafika. Koma anaizinga ndimeyo ndi zoyenereza zambirimbiri, za msinkhu wake, za kuchuluka kwa nyama ndi vinyo, za kugwirizana kwa bambo ndi mayi, mpaka ena mwa iwo mu Talmud ananena kuti mlandu wotero sunachitikepo ndipo sudzachitika. Lamulo analisiya m'buku, koma manja anakana kuligwira. Akatswiri a malamulo a Chisilamu nawonso amaphunzitsa kuti chikaiko chimachotsa zilango zazikulu, ndipo William Blackstone, m'zaka za m'ma 1760, anasiyira makhoti otsatira malamulo a ku England ganizo lakuti olakwa khumi apulumuke kusiyana n'kuti wosalakwa mmodzi azunzike.

N'chifukwa chiyani anthu a miyambo yosiyana chonchi anasiyanitsa denga ndi munthu? Sitima ilibe mtima woti n'kusintha. Ngozi yake sifuna munthu woipa. Imangofuna maulendo ambiri, nyanja yolusa ndi woyendetsa mmodzi wotopa, ndipo maulendo akachuluka tsiku lina zimakumana. Kuiletsa sikuinyoza. Munthu amasankha. Kumutsekera chifukwa cha mawa ndi kumuuza kuti wasankha kale, kuti kulapa kapena kudziletsa sikumukhudza iyeyo. Bilu ya belo ya 2023 inabwereka nzeru ya ng'ombe ija: inagundapo kale, itsekereni. Koma pa Eksodo udindo uli pa mwini ng'ombe, ndipo munthu alibe mwini. Zimene zimalandidwa nazonso n'zosiyana. Kampani yokanizidwa doko imataya phindu limene inali isanaligwire, mafuta n'kukhalabe pansi kudikira njira ina. Wa pa rimandi amataya ntchito, nyumba ya lendi, nthawi zina ana, ndipo miyeziyo palibe khoti lingamubwezere.

Komatu mfundoyi ili ndi minga yake. Imfa ya Pierzchala nayonso singabwezedwe. Mayi amene mwamuna wake anamuopseza kuti adzamupha sangatseke chitseko ndi mawu akuti aliyense ndi wosalakwa mpaka khoti litagamula, ndipo lamulo la 2023 linakhudzanso amuna amene anapalamulapo nkhanza kwa akazi awo. Palibe munthu wanzeru amene amati wina aliyense asamasungidwe. Malamulo a Canada amalola kale kusunga munthu ngati angathawe, ngati angaopseze anthu, kapena ngati kumutulutsa kungachotse chikhulupiriro cha anthu pa makhoti. Mkangano uli pa amene ayenera kubweretsa umboni, ndi mtundu wa umboniwo. Boma likaonetsa mawu oopseza amene munthuyu ananena, mfuti imene anagwidwa nayo ndi masiku amene anajomba kukhoti, woweruza akumuyeza ndi ntchito zake zomwe. Koma dzina la mlandu wake likangopezeka pamndandanda, munthu n'kuuzidwa kuti adziyeretse, akuyezedwa ndi ntchito za anthu ena ofanana naye, ndipo akupemphedwa kuonetsa chinthu chosaonetseka, chakuti mawa sadzalakwa. Amene amakwanitsa ndi wokhala ndi loya wabwino, nyumba yokhazikika ndi mbale wa ndalama. Pa nkhani ya ku Hagersville, chikalata chomangira munthuyo chinalipo kale. Chinasowa ndi wochigwiritsa ntchito.

Munga wachiwiri ndi wakuti kuseri kwa mafuta kulinso anthu. Kumapeto kwa 2018, mapaipi atachepa, mafuta a ku Alberta ankagulidwa motsika ndi madola a ku America oposa 40 pa mgolo poyerekeza ndi mtengo wa ku United States, mpaka boma la Rachel Notley linalamula makampani kuchepetsa kupopa. Amene anamva kuwawa ndi owotcherera zitsulo ndi oyendetsa mathiraki, osati eni masheya okha. Eni nthaka nawonso sanayankhule chimodzi: a Haida, a Heiltsuk ndi a Gitga'at anafuna chiletsocho, pamene atsogoleri a Nisga'a ndi a Lax Kw'alaams anati chikuwatsekera mwayi osawafunsa. Boma la ku Ottawa nalonso silinayende njira imodzi. Mu 2018 linagula paipi ya Trans Mountain pa madola 4.5 biliyoni a ku Canada, ndipo pa 18 Juni 2019, kutatsala masiku atatu kuti chiletso cha kumpoto chivomerezedwe, linavomerezanso kuikulitsa, kuchulukitsa sitima za mafuta padoko la Vancouver ngakhale a Tsleil-Waututh ankakana. Gasi chiletsocho sichimukhudza, ndipo sitima zake zakhala zikunyamuka ku Kitimat kuyambira pakati pa 2025. Mu Okutobala 2023 majaji asanu mwa asanu ndi awiri a khoti la Supreme anati mbali yaikulu ya C-69 inalowerera mphamvu za zigawo. Mantha, ngakhale oyenera, sapatsa boma mphamvu zopanda malire, ndipo woletsa nayenso ayenera kufotokoza chifukwa chake waletsa apa n'kulola apo.

Pali chinanso chimene belo ndi chilolezo cha mafuta zimafanana: zonse ndi kumasula pa lonjezo. Womangidwa amalonjeza kubwera kukhoti ndi kusunga ziletso, ndipo kawirikawiri amafunika mbale womuimira, wolonjeza ndalama zake. Kampani yoboola chitsime cha mafuta kapena gasi imalonjeza kudzachitseka ndi kubwezeretsa nthaka ikamaliza. Ku Alberta kuli zitsime masauzande angapo zotsala zopanda mwini chifukwa makampani ake anagwa, ndi zina masauzande makumimakumi zongokhala, zosapopa, zosatsekedwa, m'minda ya alimi. Mu Januwale 2019, pa mlandu wa Redwater, khoti la Supreme linachita kugamula kuti chuma cha kampani yakugwa chiyambe chatseka zitsime mabanki asanatenge ngongole zawo. Mu Epulo 2020 boma la Canada linatulutsa madola 1.7 biliyoni oyeretsera zitsime zoterezi ku Alberta, Saskatchewan ndi British Columbia. Wosauka akaphonya lonjezo lotsegula chitseko amagona m'chitokosi, koma kampani ikaphonya lonjezo lotseka chitsime amalipira ndi okhoma msonkho. Dziko limene limakhwimitsa chikole cha munthu n'kupeputsa cha kampani laika kukayika kwake pamalo olakwika.

Mphepo ikuomba mbali imeneyo. Mu Okutobala 2025 nduna ya zachilungamo m'boma la Mark Carney, Sean Fraser, inabweretsa bilu ya C-14, yowonjezera milandu ina pamndandanda wa milandu imene womangidwa ndiye ayenera kukhutiritsa khoti kuti atuluke, monga kuba galimoto mwachiwawa, kuthyola nyumba ndi kuzembetsa anthu. Patapita mwezi umodzi, pa 27 Novembala, Carney ndi Danielle Smith, mtsogoleri wa Alberta, anasainirana chikalata cha mgwirizano wa paipi yatsopano yopita kugombe, chimene chinati chiletso cha sitima chikhoza kusinthidwa ngati pangafunike. Mmodzi wa nduna za Carney, Steven Guilbeault, anatula pansi unduna tsiku lomwelo, ndipo mitundu ya kugombe inanenetsa kuti sidzalola.

Lamulo la belo la 2023 lili ndi ndime yolamula aphungu kuti adzaliunikenso pakatha zaka zisanu. C-14 inafika theka la nthawiyo lisanakwane. Pamene a Senate ankamva mboni mu 2023, zinadziwika kuti Canada ilibe chiwerengero chimodzi cha dziko lonse chosonyeza kuti ndi angati mwa otulutsidwa pa belo amene amapalamulanso milandu yachiwawa, kapena angati mwa osungidwa amene milandu yawo imathera m'malere. Boma limene likuuza womangidwa kuti abweretse umboni wa mawa ake silinabweretse umboni wa dzulo lake. Mabuku amene ziwerengerozo zingachokeremo ali m'manja mwa maboma a zigawo, amene amayendetsa makhoti a belo ndi ndende za rimandi, omwe aja atsogoleri awo 13 analemba kalata mu Januwale 2023.